Wezulo Anali M'khosi Mwanga

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene amasunga anthu ake pamtunda ndi pamadzi pomwe, ngakhale iwo amene amagwa m'madzimo chifukwa cha nzeru zawo. Mmodzi wa otere ndine.

Ndinagwirapo ntchito pa sitima ya pamadzi yoyenda pakati pa Chiromo ndi Chinde. Ntchito yanga inali yoponya nkhuni m'ng'anjo, koma nditabwerera kwathu ku Milonde ndinkangoti ndinali wa pasitima (zinazo anthu sankafunsa). Tsono kampani ina ya minda ya tiyi inali ndi boti lalikulu lowolotsa katundu pa mtsinje wa Ruo. Dzinja lina munthu anagwa m'madzi, opalasa onse anathamangira mbali imodzi kuti amugwire, boti linagudubuzika. Anthu anapulumuka, katundu anapita. Bwana wa kampaniyo anandiitana nati ndiphunzitse opalasawo malamulo a pasitima, ndipo akadzaona kuti aphunzira, ndidzakhala kapitawo wa boti. Anandipatsa wezulo wovala m'khosi, ndi chinthu chozungulira choyandama chokhala ndi chingwe, chimene opalasa anachitcha nkhata. Ukapitawowo ndinaufuna kwambiri, ndipo sindinauze munthu kuti kusambira sindidziwa.

Lamulo linali lalifupi. Munthu akagwa, aliyense akhale pamalo pake, asaimirire. Kapitawo akaimba wezulo, wowongolera boti aponye nkhata. Ndinawaphunzitsa m'mawa uliwonse titatha kupemphera, ndi kuwakumbutsa kuti kumvera kumaposa nsembe. Tinkaponya thunthu la nthochi m'madzi kuti likhale munthu. Nthawi zina ndinkawayesa dala, kufuula kuti "ponyani" osaimba wezulo, ndipo woponyayo ndinkamudzudzula pamaso pa anzake.

Wowongolera boti anali a Namakhwa, bambo wamkulu wochokera kutsidya kwa Apwitikizi, wosakonda kulankhula. Tsiku lina anafunsa.

"Akapitawo, nanga munthu akamalira kuti tiponye?"

"Womira aliyense amalira," ndinatero. "Inu mverani wezulo, osati pakamwa pa munthu."

"Nanga wogwayo atakhala inu?"

"Kapitawo sagwa."

Anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kumanga chingwe.

Tsiku loonetsa linafika Ruo atadzaza. Bwana anaima pagombe ndi ambulera, ndipo amayi amene ankachapa anasiya zochapa kuti aonerere. Titafika pakati pa mtsinje ndinaimirira (lamulo langa lomwe linkaletsa), n'kunyamula thunthu la nthochi kuti bwana aone bwino. Amene anagwirapo thunthu lonyowa akudziwa kuterera kwake. Thunthu linatsala m'boti. Amene anapita ndine.

Nditavuuka ndinaona opalasa onse ali phee pamalo pawo, nkhafi zili m'manja, misana yowongoka. Sindinawaonepo atakhala bwino chotere.

"Ponyani nkhata," ndinatero, n'kumwa madzi.

Palibe anasuntha.

"A Namakhwa, ndine."

"Takuonani, akapitawo," anayankha mwaulemu. "Tikudikira wezulo."

Ndinamiranso. Pansi pamenepo ndinakumbukira mneneri uja amene anapemphera m'mimba mwa chinsomba, koma iye anali ndi pokhala. Ndinafufuza wezulo m'khosi, ndinamuika pakamwa, ndinauzira ndi mphamvu yanga yonse. Anatulutsa thovu lokha. Wina m'boti anafunsa ngati kumeneko kunali kulira, ndipo mnzake anati ayi, akapitawo akutiyesanso, usapusitsidwe. Ndinamva zonsezi bwinobwino. Madzi ankanditenga kupita kumunsi, kumene anthu amati kuli ng'ona, ndipo boti linkanditsatira pambali pang'onopang'ono ngati anthu operekeza mlendo.

Ambuye, amene amagwira dzanja la wokayika, anaika mkuyu wowerama pamalo pokhota. Ndinagwira nthambi ndi dzanja limodzi, ndi linalo ndinakutumula wezulo mpaka madzi atatuluka. Ndinaimba. Pomwepo nkhata inauluka monga momwe ndinawaphunzitsira, yolunjika ndithu, n'kudzandimenya pamphumi. Anandikoka mwadongosolo, wina aliyense ali pamalo pake, ndipo anandigoneka pafupi ndi thunthu lija.

"Mwasamba bwino, akapitawo?" anafunsa a Namakhwa. Nkhope yawo sinasinthe.

Pagombe amayi anali atagwira pakamwa ndi nsalu. Ine ndinadziwa kuti ukapitawo wandiphonya, ndipo ndinayamba kale kuganiza zobwerera kung'anjo. Koma bwana anandigwira chanza madzi akuchucha. Anati sanaonepo mphunzitsi wodziponya yekha m'madzi odzaza kuti ayese anthu ake, ndipo ukapitawo ndi wanga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, koma munatuluka madzi a Ruo, ndipo pamene ndinkamaliza kutsokomola anali atawonjezera mawu ena. Anati nthochi tisiye. Mwezi uliwonse ukaoneka, ndizigwa ine, popeza anthu amaphunzira bwino ndi munthu weniweni.

Zoonazo ndinakanena mawa lake, poti mtima sunandipatse mtendere. Bwana anaseka, nati ngati ndi choncho ndiphunzire kusambira, koma lamulo lalamulidwa. Ndiye mpaka lero ndimagwa. Chimene ndinasintha n'chimodzi: wezulo amavala a Namakhwa. Iwo ndi munthu wabwino, ngakhale ndaona kuti sathamangira kuimba. Amayamba ayang'ana kumwamba, akonza chingwe, nthawi zina afunsa anzawo ngati aliyense wakhala bwino pamalo pake. Sindinawafunse chifukwa.

Inu amene mwawerenga izi, Mulungu wa mtendere akusungeni potuluka ndi polowa, pouma ndi pakuya. Ndipo tsiku limene mudzafuule muli m'madzi, akupatseni anthu amene adzamve mawu anu osadikira wezulo. Amen.