Kope Langa la Malamulo a Tsitsani Pano

Lolemba

Chiperoni kuyambira m'mawa, tiyi wa m'munda wonyowa, zala zachita dzanzi. Koma lero sindikudandaula.

Azakhali andilemba pa pulogalamu ya shawa ya ukwati ya msuweni wanga Esinati, Sande ikubwerayi. Dzina langa lili pamenepo, pakati pa Malangizo ndi Chakudya. Masewera. Zaka zonsezi pa chinkhoswe chilichonse malo anga amakhala kuseri, pa beseni la mbale. Ndapempha ndekha, maso ali pansi. Azakhali akuti, "Iwe amene moni umapereka ngati ukubisa? Chabwino. Koma ukakatichititsa manyazi pamaso pa akuchimuna, ubwerere ku mbale zako, usadzandipemphenso."

Ku mbale sindibwerera.

Masewera ndasankha kale: Tsitsani Pano, aja a pa wailesi. Abambo atatu amatchula masiteji a minibasi mosinthana, wina Luchenza, wina Bvumbwe, wina Thekerani, a Kondakitala n'kumaweruza. Amene wanena kuti "Tsitsani pano" pa nthawi yoyenera wapambana. Anthu akamamvera amangoseka. Ine sindiseka, ndimalemba. Miyezi itatu tsopano. Malamulo amene ndagwira ndi 14, m'kope latsopano, mizere ndajambula ndi rula.

Otsimikizika kwambiri:
1. Ku Thekerani sapitako kawiri.
2. Wonyamula nkhuku sakhotera kumanja.
3. Wina akatchula Khwethemule, onse abwerere m'mbuyo masiteji awiri, kupatula wovala jekete.
4. Lachitatu mlatho umakhala wotseka.

Chatsala n'chimodzi basi, kudziwa kuti nthawi yoyenerayo ndi iti.

Lachiwiri

A Makwinja, oyendetsa thirakitala yotenga tiyi kupita ku fakitale, saphonya Tsitsani Pano pa wailesi. Pa sikelo yoyezera tiyi ndazungulira ngolo yawo katatu ndisanalimbe mtima. Kachinayi ndafunsa.

Andiyang'ana nkhope ili gwa. "Mukufuna malamulo akale kapena a matipate?"

Alipo amitundu iwiri!

Akuti m'malamulo a matipate wonyamula nkhuku angathe kukhotera kumanja, bola nkhukuyo ikhale yomanga miyendo. Akutinso a ku Mulanje amasewera mobwerera, ndipo m'nyengo yodulira tiyi Bvumbwe sawerengedwa. Ndalemba zonse pa dzanja poti kope ndinasiya kunyumba kuopa mvula. Amayi ena pa mzere amaseka n'kumatsinana. Aseke. Iwo akudziwa lamulo ngakhale limodzi?

Masana onse ndathyola tiyi ndi dzanja limodzi kuti inki isafufutike. Kapitawo akufunsa ngati ndavulala. Ndati ayi.

Malamulo tsopano ndi 22.

Lachitatu

Lero amabwereza pulogalamu ya sabata yatha, 4 koloko. Mabatire atha mphamvu. Ndinawaika padenga m'mawa kuti aothe dzuwa, dzuwa lake osatuluka. Ndamvera khutu nditaligunditsa pa wailesi.

Bambo wachiwiri wapita ku Thekerani kawiri. Kawiri, ndamva ndi khutu langali. A Kondakitala m'malo momutulutsa akuti, "Luso limenelo, tinaliona komaliza chaka cha dzombe." Anthu m'manja.

Ndiye lamulo loyamba lija?

Bambo wachitatu wadandaula, a Kondakitala n'kuyamba kufotokoza kuti zimaloledwa ngati munthu wakhala mpando wa kutsogolo komanso ngati... Wailesi zii.

Ndaluma mabatire. Palibe.

Sindifufuta lamulo loyamba. Ndalemba pansi pake ndi pensulo kuti "kupatula wa mpando wa kutsogolo, ndi china". Chinacho ndichipeza.

Lachinayi

Kuyeserera. Osewera: amayi anga, Esinati, ine. Ndayala mphasa, ndaika mpando umodzi kutsogolo, ndabwereka jekete la abambo, ndawerenga malamulo onse 27 mmodzimmodzi. Pofika la 11 amayi apita kukaona nyemba pa moto. Ndadikira, ndayambiranso pa 11.

Esinati wayamba: "Luchenza."

Amayi: "Tsitsani pano."

Ndati sizingatheke. Amayi akuti, "Lamulo lake liti?" Ndafufuza tsamba ndi tsamba, ndabwerezanso. Palibe loletsa. Miyezi itatu ya kulemba, amayi apambana ndi mawu awiri, chipande chili m'manja.

Esinati akuti, "Msuweni, bwanji ungochititsa kolimbirana mipando kaja? Aliyense amakadziwa."

Kolimbirana mipando amachititsa aliyense. Ndakana.

Zofunika kukonza:
lamulo loletsa kutsika msanga (liyenera kukhalapo, sindinalimve chabe)
mawu anga, akuti samveka ngakhale pa mphasa
nkhuku: ikhale yeniyeni kapena yongoyerekeza? Ndifunse a Makwinja.

Lachisanu

A Makwinja akuti yeniyeni, koma ya mawanga imawerengedwa ngati ziwiri. Malamulo afika 31.

Poweruka ndakumana ndi a Lusiyasi, achimwene ake a Esinati, amene ndi kalaliki ku ofesi ya fakitale. Esinati wawauza. Apempha kuona kope. Awerenga tsamba loyamba, lachiwiri, kenaka aseka mpaka kutsamira mtengo wa bulugama, kutsokomola, misozi.

"Achemwali, malamulo kulibe. Anthu aja amangopeka pompo, wina akapeka anzake n'kumavomera ngati n'zoona. Choseketsa chake n'chimenecho. A Makwinja akukuseweretsani."

Ndatenga kope langa, ndapukuta pamene anagwira.

Zifukwa zimene a Lusiyasi akulakwira:
Wailesi imamveka dziko lonse, sangalole anthu akuluakulu kumangonena zopeka.
A Kondakitala amatsegula buku, mapepala amamveka.
A Lusiyasi anafika Fomu 4 koma bawo amagonja kwa mlonda.
Ngati kulibe malamulo, ine ndalemba chiyani?

Chomalizachi si chifukwa kwenikweni. Chikhale pomwepo.

Pulogalamu yatsopano ndi lero 7 koloko, koma dzuwa likhala litalowa, Sabata layamba. Amayi aphimba kale wailesi ndi kansalu. Lamulo lotsika msanga mwina alinena lero lomwe. Ndikutseka kope, dzuwa latsala pang'ono.

Sabata, dzuwa litalowa

Dzulo sindinamvere wailesi. Ndilembe momveka: sindinamvere. Anzathu a khomo linalo ndi a mpingo wina, wailesi yawo inali yotsegula, ndipo makoma a nyumba za kampani ndi opyapyala. Ine ndinangokhala pamene ndimakhala masiku onse. Mpando ndinausuntha pang'ono chifukwa cha mphepo.

Zimene zinalowa zokha m'khutu: a Kondakitala atulutsa munthu ndi lamulo la 46. Ine ndili ndi 31. Enawo ndiwapeza kuti pofika mawa?

Ku tchalitchi akulu ampingo amawerenga malo amene ana a Israyeli anagonamo m'chipululu, dzina ndi dzina, kunyamuka apa, kukagona apo. Mutu wanga unayamba wokha kuwerenga ngati pali pamene anapitako kawiri. Ndapempha chikhululukiro.

Potuluka azakhali andigwira pa mkono. "Ndamva za kope lako. Sopo ndagula kale, ukasintha maganizo."

Sindisintha.

Sande

Amayi oposa makumi atatu pansi pa tenti, akuchimuna ochokera ku Khwethemule atakhala kutsogolo. Dzina langa linaitanidwa. Ndinaima. Ndinayamba kuwerenga. Kumbuyo akuti, "Kwezani mawu." Ndinakweza, kapena ndinaganiza kuti ndakweza.

Pa lamulo la 6 apongozi ake a Esinati, mayi wamkulu thupi wa duku lofiira, akuti, "Aaa, ndi zija za pa wailesi? Tiyeni tiyambe, mwanawe, zinazo tizimva m'njira. Makwasa."

Basi. Masewera andichoka m'manja. Wina akuti Limbe, wina akumuletsa poti wavala nsapato zotseka. Wina akuti wa mwana kumbuyo amadumpha siteji. Palibe ngakhale chimodzi cha m'kope. Nkhuku ndinabwera nayo, yamawanga, yomanga miyendo, palibe anaifunsa. Anthu akuseka mpaka kugwirana mapewa, ine ndili chiimire pakati.

Kenaka azakhali akuti, "Luchenza." Apongozi akuti sizololedwa. Azakhali akuti n'zololedwa. Mawu ayamba kukwera, kuseka kwachepa, Esinati wandiyang'ana ndi maso opempha. Apongozi akuti, "Mwini buku ali pompano. Tauzeni, mwanawe."

Tenti yonse maso pa ine.

Ndinatsegula kope. Za Luchenza palibe, ndimadziwa bwino kuti palibe. Ndinaika chala pa mzere wopanda kanthu, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena mokweza, mpaka kumbuyo anamva: "Lamulo la 32. Akuchikazi safika ku Luchenza alendo asanadye."

Nthungululu. Apongozi akuti, "Tsitsani pano," apambana, chakudya chabwera. Azakhali atuluka m'masewera akundiyang'ana m'mbali. Pambuyo pake azakhali omwewo anditumira mawu kuti mwezi wamawa kuli shawa ina ku Thekerani, ndipite ndi buku langa. Mbale atsuka ena.

Choncho ndapeka, pamaso pa madikoni aakazi awiri. Ndipo palibe anafunsa kuona tsambalo. Mwina ndi mmene a Kondakitala amachitira. Mwina mapepala amamveka aja ndi nyuzipepala chabe.

Ndalilemba m'kope ndi bolopeni, mzere ndajambula ndi rula, kuti lisakhalenso bodza. A Lusiyasi sindiwauza.