Khomo la Mamita Awiri la Gelevazio

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere, ndipo musayambe kuseka ndisanafike pamimba.

Kunali mnyamata wina wamimba ngati mtsuko, dzina lake Gelevazio. Anakakhalako ku Joni miyezi itatu akunyamulira amisiri njerwa, ndiye pobwerako ankayenda chotangadza, pensulo ili pakhutu. Ukati umuuze kanthu, usanatseke n'pakamwa pomwe, iye wayankha: "Ndadziwa kale!"

Gelevazio anafunsira mbeta, dzina lake Nangozo. Amalume ake a mtsikanayo, a Kamphinda, omwe kale anali alangizi a zaulimi, anati: "Mkamwini amaoneka ndi nyumba. Mumange pano. Ikatikomera, mkazi ndi wanu. Ikapanda kutero, njira munadzera ija sinamere udzu."

Zikhomo za maziko anakhoma okha. Kenaka anati, "Khomo likhale mamita awiri kutalika, mita imodzi mulifupi. Mita mumaidziwa?"

"Aaa, amalume! Ine? Ndadziwa kale!"

Chonsechotu kwawo ankayeza ndi mapazi. Mumtima anangoti, "Mita ndi phazi lomweli, angolipatsa dzina la kusukulu." Anaponda kamodzi mulifupi, n'kuyeza mapazi awiri chokwera, basi khomo latha.

Khoma litafika m'chiuno, Nangozo anabwera ndi thobwa. Anazungulira nyumba, n'kuwerama.

"A Gele, kabowo aka ndi ka nkhuku?"

"Limenelo ndi khomo, iwe."

"Khomo? Amalume amati mita imodzi ndi mapazi atatu ndi kachidu..."

"Ndadziwa kale!"

"Ndiye mamita awiri akhala mapazi asanu ndi limodzi ndi the..."

"Nangozo, ku Joni unapondako? Makomo amakono ndi amenewa. Wakuba amangoyang'ana, n'kubwerera akulira."

Iye ankalowa ndi kutuluka pa makwerero, chodumpha khoma, mpaka tsiku lomwe anafolera denga.

Tsiku loonetsa nyumba linafika. A Kamphinda, omwe anali kumaliro kutsidya sabata yonse, anabwera ndi mudzi wonse. Apongozi aakazi anaima chapatali, atafunda chitenje, poti mpongozi ndi mkamwini sayang'anana.

A Kamphinda anazungulira nyumba katatu. "Bambo, nyumba njokongola. Nanga polowera?"

"Apa, amalume."

"Tatsogolani, eni nyumba."

Gelevazio anavula jekete, n'kugwada. Mutu, lowu! Mapewa chammbali, lowu! Mimba, gwa! Kukankha, ayi. Kubwerera, ayi. Miyendo inangoti phiriphithi phiriphithi ngati chule wapondedwa ndi ng'ombe. Buluku nalo, kweee! Ndipo mbali yong'ambikayo inaloza ndendende kumene kunaima apongozi.

"Mayo ine, ndaona malodza!" Apongozi anathawira m'chinangwa.

"Ndikokeni!" mawu anamveka m'nyumbamo ngati munthu ali m'chitsime.

Anyamata anagwira miyendo, koma a Kamphinda anawaletsa. Anakhala pa njerwa, n'kufwenkha fodya wawo bwinobwino.

"Bambo, mita imodzi ndi mapazi angati?"

Gelevazio anangong'ung'udza chapansipansi.

"Sitikumva kunja kuno."

"Sindikudziwa, amalume."

"Mwati?"

"Sindikudziwaaa!"

"Nangozo, auze amuna akowa."

Nangozo anagwada pafupi ndi miyendo ija. "Mapazi atatu ndi zala zinayi, a Gele. Mukaiwala, pondani sitepe imodzi yaitali ngati mukudumpha ngalande. Kapena mwadziwa kale?"

"Ndadziwa lero, mayi!"

Anamudzoza mafuta a nsatsi, amuna asanu n'kukoka, mpaka anazuka, phuu! ngati chinangwa cha m'dambo, njerwa zitatu zikumutsatira.

Mkazi anamupatsa, poti a Kamphinda anati munthu wonena kuti "sindikudziwa" ndi wophunzitsika. Koma khomalo anagumula yekha, Nangozo ataima pambali ndi ndodo ya mita. Ndipo apongozi, mpaka kukalamba kwawo, akangomuona akuwerama ankathawa.

Ndiye wina akamakudulani pakamwa musanamalize, musakangane naye. Ingomuuzani kuti: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.