Za Mbendera ya Mbalame Yovala Chisoti

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu,
Nthambi ya Boma Yosunga Mfundo za Mayiko pa Intaneti.

Bwana,

Pepani kuti munthu wa singano ngati ine ndikukusokonezani pa mpando wanu. Ndine telala, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikusokera mbendera hotela ina yaikulu yomwe imalandira misonkhano ya alendo akunja. Kashopu kanga n'ka chipinda chimodzi kuseri kwa ogulitsa matayala: makina awiri, tebulo lodulirapo, ndi simbi yomwe mayi akunyumba amasitira. Ndalemba kuti ndikuthokozeni, pakuti zimene nthambi yanu yandichitira sindingazimeze ndekha.

1. Zikomo chifukwa cha tsamba lanu lija. Lisanabwere ndinali mbuli wamba. Litabwera ndinasanduka mbuli yodziwa malikulu a mayiko. Ndinkangotsegula pa foni, zonse poyera: chiwerengero cha anthu, mvula yakumeneko, zomwe amagulitsa kunja, ndi mbendera pamwamba pake. Ndinayamba kudzimva, Bwana. Munthu akabwera kudzafupikitsa buluku, ankachoka akudziwa kutalika kwa mitsinje itatu yomwe sanafunse. Mlamu wanga ndi dalaivala wa malole, mayiko ena anawapondadi ndi mapazi ake, koma ndinkamutsutsa pamaso pa ana ake. Iye akati anaona ndi maso, ine ndinkati boma linalemba. Ndinafika polembetsa chikwangwani pakhomo chonena kuti ndine katswiri wa mbendera za dziko lonse lapansi. Ine amene ndege ndimangoionera m'mwamba!

2. Zikomonso chifukwa cha chithunzi chooneka bwino. Mwezi watha a manijala a hotela anandipatsa mndandanda wa mayiko khumi ndi anayi. Pa mndandandapo panali kadziko kena ka pa zilumba komwe mbendera yake ndinali ndisanasokepo. Tsamba lanu linandionetsa nsalu yobiriwira, pakati pake mbalame yoyera yovala chisoti chachifumu. Inandidyera masiku atatu. Nthenga iliyonse ndinaidula payokha, chisoti ndinachipeta pamanja ndi ulusi wagolide mpaka maso kufiira. Mayi akunyumba, akuisita, anandifunsa ngati sikukanakhala bwino kupempha a ku hotela kuti aitanitse chithunzi kwa eni dzikolo. Ndinawayankha kuti iwo azidziwa za makwinya, za mayiko atisiyire ine ndi boma. Mawu amenewa akumandibwezera m'mawa uliwonse pondipatsa madzi osamba, ndipo sanaiwalepo ngakhale limodzi.

3. Tsiku la msonkhano ndinavala jekete n'kukaima kumbuyo kwa holo, pafupi ndi operekera tiyi, kuti ndimve ndi makutu anga anthu akuyamikira. Nthumwi za pa zilumba zinalowa zitatu, patsogolo mayi wachikulire woyendera ndodo. Atafika pa malo awo anaima, n'kuyang'ana mbalame yanga nthawi yaitali. Ine mtima dyokodyoko, mpaka ndinakodola woperekera tiyi n'kumunong'oneza kuti manja ake ndi awa. Mayi aja sanakhale pansi. Anatembenuka n'kutuluka, anzawo pambuyo. Womasulira ndiye anandiuza pakhonde kuti mbalameyo inali ya wolamulira wankhanza yemwe anthu akumeneko anamuchotsa zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, mbendera n'kusinthiratu. Mayiwo anakhala m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa mbalame yomweyo, ndipo mwendo wawo unathyokera komweko.

Apa sindikuseka, Bwana. Manyazi anandigwira, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti luso langa lonse ndinalithira pa chinthu chimene chinalemaza munthu. Ndikanasoka mwamgwazo ngati matelala ena, mwina akanaiyesa nkhuku n'kukhala pansi. Koma ayi, ine ndinaifanizira ndendende.

4. Chithokozo chachikulu ndi ichi, ndipo ndavula chipewa. Amanama amene amati maofesi a boma ndi aulesi. A manijala atandiitana, ndinawauza mosaphethira kuti mbenderayo ndinaitenga pa tsamba la boma. Anati ndibwere mawa lake ndidzawaonetse pamaso pa eni hotela. Sindinadziwe kuti dandaulo la alendo aja linali litakufikani kale. Mawa lake ndinalowa chifuwa patsogolo, n'kuika foni patebulo kuti onse aone. Bwana, mbalame kulibe! Pali mbendera ya mizere yokhayokha, itakhala phee ngati inabadwira pompo. Palibe tsiku losonyeza kuti pasinthidwa chinthu, palibe ngakhale kapepani kakang'ono kumunsi. Ndinakanda foni kukwera ndi kutsika, thukuta kamukamu, mpaka ndinaizimitsa n'kuiyatsanso. A manijala anandifunsa modekha ngati ndimalawako pang'ono ndikamasoka.

Mudzafunsa chifukwa chake sindinajambule tsambalo tsiku limene ndinkadula nsalu. Mayi akunyumba anafunsanso zomwezo. Koma munthu ungasunge bwanji umboni wotsutsa boma pamene ukulikhulupirira kuposa mlamu wako? Kupusa kumeneko n'kwanga, sindikugawirani.

Tsopano zili chonchi. Eni hotela akumana Lachisanu lino nthawi ya 10 koloko kuti agamule ngati ndine wabodza kapena ayi. Akati ndine wabodza, ntchito ipita kwa telala wina, ndipo hotelayi ndiyo imatidyetsa. Mabuluku ofupikitsa okha sangayendetse makina awiri. Ndafika ku ofesi kwanu katatu. Ulendo woyamba alonda anandituma kwa alembi. Wachiwiri alembi anati amene amagwira tsambalo ali ku maphunziro. Wachitatu anandikhazika pa mpando wabwino, n'kunditsegulira tsamba lomwelo pa kompyuta yawo kuti ndione ndekha kuti lilibe vuto. Potuluka anandilangiza mwachikondi kuti ulendo wina ndizidalira zolemba za boma. Ndinathokoza, Bwana. Pakamwa panga pamathokoza pokha ndikaona tayi.

Sindikupempha kalata yovomera kulakwa. Ndikudziwa kuti cholembera cha munthu wamkulu sichidziwa kulemba mawu oterowo, ndipo sindikufuna kuchivutitsa. Pempho langa n'laling'ono, ndipo ndikulipereka nditagwada. Lachisanu, kuyambira 10 koloko mpaka 11 koloko, bwezeranipo mbalame ija pa tsamba lanu kuti eni hotela aione. Ikatha 11 koloko muichotsenso mwakachetechete monga mwa luso lanu, ine sindidzauza munthu. Munaisunga zaka khumi ndi chimodzi osatopa. Ola limodzi lokha silingakuthyoleni msana.

Ndine wanu wodzichepetsa,

Telala wa mbendera, mpaka Lachisanu.