Tinsomba tovala khaki

Nkhani iyi akazi anga amaikamba bwino kuposa ine, koma amathira mchere wambiri, ndiye ndaona kuti ndi bwino muimve kwa mwini wake. Ndivomere poyamba kuti pamapeto pake ndinaima pabwalo nditanyamula beseni, ndikusowa poyang'ana.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la golosale ina pa Chiringa, ndipo ndimakhala chikamwini kwawo kwa mayi a Mphatso, akazi anga, cha ku Nazombe. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala pamudzipo osayambana ndi munthu, komanso osapatsidwapo kanthu koti ndisunge. Eni mbumba ndi alamu anga a Lyson, achimwene awo a akazi anga. Bambo amenewa ngakhale pampu ya njinga ankandibwereka ataima pomwepo, kudikira kuti ndimalize kupopa. (Sindikudandaula ayi, ndikungofotokoza.)

A Lyson ankaphika panyumba ya mzungu wina ku Blantyre. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira bokosi lagalasi, kamakina kolowetsa mpweya m'madzi, ndi nsomba imodzi yaikulu ngati chikhatho changa, yamawanga ofiira, ya nkhope ya munthu amene watopa kudikira pamzere. Ankaitcha Bwana. Si ya ndiwo, ndi yongoyang'ana basi. Vuto lake Bwana anazolowera kudya tinsomba tamoyo, choncho a Lyson ankaweta m'ndowa tinsomba tina tochepa kuposa matemba, totchedwa magapi.

Atapeza ntchito ya miyezi itatu ku Mozambique, anabwera ndi katundu yenseyo pawilibala n'kuima pakhomo panga.

"Alamu, nyumba yanu ili ndi sola, ndiponso inu manja anu ndi osamala. Ndikusiyirani Bwana."

Ndinakondwa kwambiri, sindibisa. Munthu amene sakhulupirira mlamu wake pa pampu ndiye akundisiyira chinthu chopuma. Mumtima ndinati pobwera adzapeza Bwana wonenepa, ndipo pamudzi pano adzayamba kunditenga ngati munthu.

"Mvetsetsani," anatero a Lyson. "Tinsombati sitiikira mazira, timabereka ana amoyo ngati mbuzi. Tatikazi tikakumana ndi tatimuna kamodzi kokha, timabereka miyezi ingapo patokha. Ndiye muzimudyetsa tatimuna, tatikazi musakhudze. Mbewu ikatha, Bwana naye watha. Mutha kutisiyanitsa?"

"Alamu," ndinayankha, "ine ndine telala."

Mawu amenewo ndiwo anandigwetsa.

M'mawa mwake ndinakhala pansi ndi ndowa ija n'kuyamba kusankha. Munali mitundu iwiri, yoonekeratu. Tina tinali tating'ono, tosalala m'chiuno, tamichira yotambasuka ngati siketi, yofiira, yabuluu, yachikasu, ina yamadontho. Tina tinali tokulirapo, totuwa, tamimba zotupa, topanda chokongoletsa chilichonse. Tsono ine zaka makumi awiri ndakhala pamakina. Mwamuna akabwera pakhonde langa amabwera ndi khaki kapena nsalu yotuwa, ndipo nthawi zambiri amafuna ndimuwonjezere m'chiuno. Wa maluwa ndi mikwingwirima amakhala mayi. Nkhaniyo sinafune n'komwe kufunsa.

Tamaluwa ndinatiika m'beseni latsopano, pamthunzi wa mango, kuti tibereke mwamtendere. Takhaki ndinatisiya m'ndowa kuti tikhale chakudya cha Bwana.

Tsiku lachitatu, ndikutunga kamodzi ndi kapu, mayi a Mphatso anasiya kusenda nandolo n'kusuzumira.

"Bambo a Mphatso, kameneko kali ndi pakati."

"Kakhuta gaga," ndinatero.

"Taonani pamimbapo, pachita kuda. Kali pafupi kubereka."

"Mayi, za kumunda sindikutsutsani. Koma zoti wavala ichi ndani, wavala icho ndani, mundisiyire ine."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kubwerera ku nandolo wawo. (Amuna anzanga, mkazi akasiya mkangano msanga chotero, musamayese kuti mwapambana.)

Bwana ankadya bwino masiku amenewo. Kansomba kakangogwera m'madzi, iye kungotembenuka kamodzi, basi katha. Chinandidabwitsa n'chakuti takhaki tinkachepa msanga kuposa mmene ndinkatungira. Ndinaganizira mphaka wa apongozi, ndipo ndinamuthamangitsa kangapo popanda mlandu. Patatha milungu itatu m'ndowa munatsala madzi okhaokha.

Sindinade nkhawa, poti amayi anga a m'beseni anali pafupi kundipatsa ana. Ndinawasamala kuposa mmene ndinasamalira akazi anga ali ndi pakati pa Mphatso, ndipo izi amandikumbutsa mpaka lero. Ndinkawasinjira usipa n'kusakaniza ndi gaga wosefa. Ndinakazula udzu wa m'madzi ku dambo kuti ana akabadwa apeze pobisala. Ndinasoka chivundikiro cha neti, chokhala ndi mpendero wake, kuti mbalame zisawavute. Madzulo ndikaweruka ndinkakhala pampando n'kumawayeza m'chiuno ndi maso, monga ndimachitira ndi kasitomala wamanyazi. Chiuno sichinkasintha.

Chimene ankachita tsiku lonse n'kuthamangitsana, kutambasulirana michira, kuzungulirana. Ine ndinkati ndi nsanje za amayi okhala nyumba imodzi.

Pakhonde la golosale nkhaniyo ndinali nditaifalitsa kale. Aphunzitsi ena ndinawalonjeza tiana khumi toti akaonetse ana a sukulu. Wokonza njinga woyandikana nane m'mawa uliwonse ankandilonjera kuti, "Atelala, kuchikuta kuli bwanji?" Ine ndinkayankha kuti masiku sanakwane.

Mwezi wachiwiri unatha opanda ngakhale kamwana kamodzi. Apa mantha anayamba kundigwira, chifukwa Bwana anali ndi njala. Ndinamuponyera usipa wouma, anangouyang'ana mpaka unamira. Chiwala ankadya tsiku limene wafuna, masiku ena ayi. Anayamba kugona cham'mbali pansi pa galasi, mawanga aja atazilala, diso limodzi likundiyang'ana ine. Ndinayamba kumupatsa tamaluwa tomwe, kamodzi pa masiku awiri, mtima ukundipweteka kuti ndikupha mayi ndi ana ake m'mimba. Beseni lomwe linali lodzaza linatsala ndi tisanu.

Lachinayi lina foni inalira. Anali a Lyson, akuti afika Loweruka.

Anafikadi masana, anthu ali pabwalo akusenda chinangwa. Apongozi anakhala poteropo pamkeka wawo, atayang'ana kumbali monga amachitira ine ndikakhala pafupi. A Lyson atalandira madzi akumwa analowa m'nyumba kukaona Bwana. Anakhalamo kanthawi, n'kutuluka nkhope ili gwa.

"Waonda," anatero. "Tinsomba tili kuti?"

Ndinakanyamula beseni lija, chivundikiro chake chili pompo, n'kufika nalo pamaso pawo.

"Alamu, ndayesetsa. Koma amayiwa akana kubereka. Kaya ndi madzi a kuno, kaya ndi nyengo."

Anavundukula neti, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi ake ati?"

"Omwewa."

"Alamu, awa ndi amuna okhaokha. Totuwa tija, tamimba tija, mwatiika kuti?"

Ndinayang'ana kukhomo la nyumba, komwe kunali Bwana. A Lyson nawo anayang'ana komweko. Pabwalo mipeni yonse yosendera chinangwa inaima. Kenako ndinaona mapewa a apongozi akugwedezeka, atatseka pakamwa ndi chitenje. Mayi amenewa zaka khumi ndi zinayi sindinawamvepo akuseka ine ndili pafupi. Ndinachita manyazi oti ndikanakonda nthaka ikanang'ambika. Miyezi iwiri ndinali ndikusinjira usipa akamwini anzanga, n'kumadikira kuti abereke.

Mayi a Mphatso anaimirira, anapukuta manja, n'kupita kuseri kwa khitchini. Anabwera atanyamula mtsuko wakale wobenthuka kukamwa, umene ndinkayesa amaviikamo chinangwa, n'kuutsitsa pamapazi pa achimwene awo. M'katimo munali takhaki tisanu ndi kamodzi, tonenepa, ndipo mozungulira monse munali tiana tosawerengeka, tina ngati nsonga ya singano, tina tayamba kale kutuluka mitundu kumchira.

"Achimwene, musadandaule," anatero modekha. "Alamu anuwa anandiuza kuti tatikazi ndisunge padera. Angoiwala ndi kuchuluka kwa ntchito."

Bodza limenelo linafika mochedwa, poti aliyense anali atamva ndi makutu ake zimene ndinanena. Komabe palibe anatsutsa, ndipo ine ndinalilandira ndi manja awiri. A Lyson anatunga tiana tiwiri tamichira yamitundu, n'kukaponyera Bwana. Tinamva madzi akuti phwa, kawiri.

Potuluka anati, "Bwana akhale konkuno. Pakhomo pano pali munthu wodziwa kusunga zinthu." Sanatchule dzina, ndipo ine sindinafunse.

Anthu atabalalika ndinapita kwa mphaka kukapepesa ndi mutu wa usipa, kenako ndinafunsa akazi anga kuti anadziwa bwanji, iwo osaonapo nsomba zoterezi chibadwire. Anangoloza ndi mlomo pabwalo, pomwe tambala wathu ankayenda monyada, nthenga zikunyezimira, kumbuyo kwake thadzi lotuwa likupalasa ndi anapiye ake. Atatero anayang'ana shati imene ndinavala kulandirira alamu, ya maluwa achikasu, yosoka ndekha. Iwo anali mu bulauzi yawo yakumunda, yotuwa ndi fumbi.

Mpaka pano ndimaonabe kuti nsombazo zimavala mosokoneza anthu, ndipo ndikadzapeza woti ndimuuze ndidzamuuza. Bwana ananenepanso, mawanga anabwerera, ndipo alendo akabwera ndine ndimawafotokozera zonse za kawetedwe kake. Koma m'mawa uliwonse, ndisanapite kumakina, ndimatenga kapu yanga, ndimazungulira kuseri kwa khitchini, ndimaima pambali pa mtsuko uja n'kuitana: "Mayi a Mphatso, tabwerani mundilozere. Lero nditunge kati?"