Mphete Yanga m'Thumba la a Paisoni

Ku Tsangano kuno ukangotsekula boneti ya galimoto, a Paisoni ankatulukira. Kaya anali kudimba, kaya kumaliro, ankamva basi. Mkuluyu anagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi matenda amodzi: kulamulira mabatire a eni ake.

Ine Kizito, woyendetsa kalole konyamula mbatatesi, ndi amene ankandionetsa zakuda.

"Zimitsa nduduyo! Ukufuna batire likuphulikire kumaso?"

"Madala, ndachedwa kumsika."

"Yamba kumasula waya wakuda, wofiira pambuyo. Ufa woyerawo utsuke ndi soda. Madzi apachitsimewo ukamwe wekha, muno sathiramo amenewo!"

Zonsezo ndinkapirira. Chonditopetsa chinali mphete yanga ya ukwati. Ndisanagwire sipanala ankatambasula dzanja: "Bweretsa." Ndivule, aiponye m'thumba la jekete, andibwezere ndikamaliza. Galimoto yanga, chala changa, koma lamulo lawo!

Tsiku lina anaiwala kundibwezera, nanenso ndinaiwala. Ndinapita ku Blantyre masiku atatu. Pobwera, mayi akunyumba, a Regina, sanandifunse n'komwe za ulendo. Anangoyang'ana chala.

"Mphete ili kuti?"

"Ili ndi a Paisoni."

"Kodi a Paisoni masiku ano akuvala diresi?"

Ndinalumbira mpaka kutchula malemu agogo, koma sizinathandize. Paja ndili pachikamwini: pofika masana chikwama changa chinali pakhonde, ankhoswe ataitanidwa kale. Ndinathamanga kukawagwira mkuluyo.

Mukuganiza kuti anafulumira? Anayamba aima panjira kukalipira mwini minibasi wina chifukwa chomangirira batire ndi mphira.

Atafika anaika mphete pampando. Kenako anavula gulovu lakumanzere lomwe tonse tinkaliyesa fasho ya ku Joni. Chala cha mphete panalibe.

"Mayi," anatero, "sipanala inagunda mitu ya batire itakhudza mphete yanga. Mpheteyo inafiira ngati khala. Akazi anga anandikhululukira za mpheteyo, koma chala sichinabwerere. Mwamuna wanuyu ndi wopusa, koma si wachimasomaso."

Umenewo ndiwo unali umboni wondipulumutsa. Wopusa! Pamaso pa apongozi! Chikwama chinalowa m'nyumba, koma mawuwo anthu akundiitanirabe mpaka lero.

A Paisoni anatisiya chaka chatha, nthawi yokumba mbatatesi. Panopa anyamata amatsekula maboneti ndudu ili pakamwa, popanda wowakalipira. Pamsika pali zii, ndipo zimandinyansa kuti ndimawasowa.

Dzulo kalole kanakana kulira. Ndinatsekula boneti, n'kuvula mphete osaganiza, n'kuitambasulira kumbuyo monga kale. Ndinaima choncho, dzanja lili m'malere.

Kenako ndinamva wina akuilandira. Anali a Regina.

"Yambani wakuda," anatero.