Mpando wa Kutsogolo ndi wa Apongozi

Lolemba

Uthenga wa mng'ono wanga wa ku Lusaka ukundipeza ndili m'kalasi, choko chili kumanja. "Akulu, mamotoka ya haibulidi monga yanu ija, kampani iyaitana kuti yakonzedwe. Chekani nambala."

Nthawi yopuma ndikukopera nambala ya galimoto papepala, ndikuilemba pa tsamba la kampani pa foni. Ilipo! Mayeso ambiri ndinalephera pa moyo wanga, koma mndandanda uwu wokha ndalowamo ulendo umodzi.

Vuto ndi eyabagi, chithumba chija chimafufuma pa ngozi kuti munthu asamenyetse mutu. Ya kumpando wa wokwera, pafupi ndi dalaivala. Akuti ikakalamba, makamaka kumalo otentha, imatha kuphulika molakwika n'kumwaza tizitsulo kumaso kwa munthu amene imayenera kumuteteza. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kalata yochenjeza iyenera kuti inapita kalekale kwa mwini wake woyamba ku Japan uko. Iye anawerenga, n'kugulitsa. Ine ndinagula, n'kuitana abusa kudzaipempherera.

Koma nkhani yabwino ndi yakuti akonza ulere. Ulere! Liwu limeneli ndaliwerenga katatu.

Dongosolo:
1. Mawa kuimba foni ku kampani.
2. Lachitatu kupempha tchuthi kwa ahedi, kuthamangira ku Chipata, akonze.
3. Lachinayi kutsuka galimoto.
4. Loweruka ukwati wa mlamu wanga Wezi kumudzi kwa akazi anga, ku Mwase Lundazi. Ntchito yanga ndi kutenga apongozi aamuna pakhomo pawo, kuwafikitsa kutchalitchi.

Nambala 4 ndiye yeniyeni. Zaka zisanu ndi ziwiri nditakwatira mwana wawo, apongozi ankangonditi "Monire" kenako n'kuyang'ana ku chigafa cha fodya. Mphunzitsi wochokera ku Chipata, wosadziwa kugwira khasu. Galimoto itabwera zinasintha. Amakhala kutsogolo, chigongono pawindo, kukwezera dzanja aliyense, ngakhale ng'ombe. Pampando umenewo ndi pamene anayamba kundifunsa kuti amayi anga ali bwanji. Zimenezi sindifuna kuzitaya.

Mtima uli m'malo. Masiku alipo ambiri.

Lachiwiri

Ndaimba. Wayankha mayi waulemu kwambiri, ulemu wa munthu amene akukonzekera kukukhumudwitsa.

Ku Chipata ayi, sakonza. Ku Lusaka basi. Chitsulo chake chilipo? Palibe, aitanitsa. Chifika liti? "Masabata angapo, bwana, tizakutumilani foni." Nambala 2 yafa. Nambala 3 ndingathe.

Ndisanadule akuwonjezera kuti, "Pakali pano musakhazike munthu pampando wa kutsogolo."



Akazi anga, amake Taonga, akhala pampando umenewo zaka ziwiri. Nthawi zina Taonga ali pamiyendo, nkhope yake pafupi penipeni ndi pamene pamatulukira chinthucho. Ndachita mantha, mantha enieni. Ndalowa m'kalasi n'kuwapatsa ana ntchito yolemba.

Madzulo ano tikupita kumsika, amake Taonga akhala kumbuyo. Osatsutsa n'komwe, angomva kamodzi. Koma amayi ogulitsa tomato aona. "Mwayambana? Bwanji aticha akuikani kumbuyo monga katundu?"

Za Loweruka amake Taonga akuti, "Adada mukawauze ndimwe."

Ine? Mkamwini kuuza apongozi pokhala? Madzi akumwa omwe sindiwapatsa ndili chiimire. Ndiye ndikawauze kuti tsikani, pitani kumbuyo, pa tsiku la ukwati wa mwana wawo wotsiriza, mudzi wonse ukuonerera!

Njira ipezeka. Ndine mphunzitsi wa masamu.

Lachitatu

Maganizo a anzanga m'chipinda cha aphunzitsi, osawapempha:
- Azungu amaopa zilizonse.
- Ndikanagula ya dizilo ngati anthu.
- Bola osachita ngozi, eyabagi siphulika yokha.

Ganizo lachitatuli ndi loona ndithu. Koma galimoto yangayi ikamayenda pang'onopang'ono imayendera batire, phokoso zii. Mbuzi siziimva. Apanjinga onyamula makala saimva. Mwezi watha ng'ombe inatulukira m'tchire n'kuima pakati pa msewu, kundiyang'ana ngati ndine ndalakwa. Msewu wa ku Mwase si wolumbirira kuti ngozi sindichita.

Masana ndapita kwa a Banda, makanika wa kuseri kwa msika. Atsegula boneti, aona mawaya a olenji aja opita ku batire yaikulu, abwerera m'mbuyo, manja kumbuyo ngati ali pamaliro.

"Izi za malaiti sitigwila, aticha. Zimenya."

Ndikuwafotokozera kuti vuto silili ku batire, lili m'kati, ku eyabagi. Akuti angathe kuigwetsa ndi tchizulo, pabowopo n'kuikapo siponji, osazindikira munthu. Ndakana. Mayi wa foni ananenetsa kuti wina aliyense asaigwire.

Nanga kuchotsa mpando wonsewo? Popanda mpando palibe wokhalapo, palibenso wonyozeka. Nzeru! A Banda agwada, asuzumira pansi pa mpando, apezako kawaya kachikasu. Adzuka, apukuta mawondo. "Na aka sinikadziwa. Nili na bana, aticha."

Ndawathokoza. Kunena zoona, makanika wovomera kuti sadziwa ndi wosowa, ndipo ndawalemekeza.

Pobwerera ndikudutsa pa nyumba ya mayi amene akuphika keke ya ukwati, nzeru ina n'kundigwera. Keke! Yosanjikiza katatu. Imafuna malo abwino, osagwedezeka. Ichoka kuno ku boma la Lundazi m'galimoto yanga, kwa apongozi ndi panjira, ndipo madyerero ali pafupi ndi tchalitchi. Keke ikhala kutsogolo, lamba n'kuimanga. Apongozi aona okha kuti malo atha. Palibe wouza mnzake kanthu.

Ndadya nsima mitanda itatu chifukwa cha chimwemwe.

Lachinayi

Mayi wa keke avomera. Akondwanso, akuti ena amaika keke m'buti pamodzi ndi jeke.

Galimoto ndatsuka. Nambala 3 yatheka! Ikuwala ngati ilibe mlandu.

M'mawa amake Taonga aimba kumudzi kuti uthenga ufike mwaulemu, udutse mwa amayi awo: keke ndi yaikulu, yosachedwa kugwa, ikwera kutsogolo.

Yankho lafika dzuwa litapendeka, amake Taonga n'kundiuza. "Adada akuti palije suzgo, palibe vuto. Keke aigwila pamiyendo."

Pamiyendo!

Akuti anyadira kwambiri kuti mkamwini wawakhulupirira ndi keke. Ayamba kale kuyeserera ndi beseni.

Ndiye tsopano pampando woopsa paja pakhala apongozi ndi keke yomwe. Dzulo vuto linali limodzi. Walira mvula walira matope, ndinkafuna galimoto yosamwa mafuta ndine, palibe anandikakamiza.

Amake Taonga aseka mpaka kugwira khoma. Kenako asiya kuseka, akuti, "Koma sure, adada sakhala paja." Pa zimenezo tikugwirizana. Pa njira yake ndiye ayi.

Ndaimbanso ku Lusaka, mwina chitsulo chafika mozizwitsa. Mayi yemwe uja, ulemu womwe uja. Akuti ndikuchita bwino kusamala, ambiri akauzidwa amangopitiriza kuyenda. Mawu amenewo andilimbitsa mtima, ngakhale sanakonze kanthu.

Lachisanu

Nzeru yatsopano, ndipo iyi ndiye yomaliza. Akuluakulu a boma sakhala kutsogolo! Nduna imakhala kumbuyo, dalaivala n'kuitsegulira chitseko. Ndasita malaya oyera. Ndidzatsegula chitseko cha kumbuyo ndi manja awiri, n'kuwerama pang'ono. Kumbuyo kukhale ulemu, osati chilango.

Amake Taonga anyamuka m'mawa pa minibasi ndi Taonga kukathandiza zophika. Ndawatuma akabzale nkhani ya nduna mochenjera, ngati yangobwera yokha pocheza.

Foni masana. Yalephera. Apongozi akuti magalasi a kumbuyo ndi akuda, awaona ndani? Agula jekete yatsopano atagulitsa fodya. Auza kale anzawo a ku kwaya ya madoda kuti aime pamsewu. Nduna ikhale kumbuyo ngati ili ndi anthu oibisalira, iwo alibe.

Zotsala:
- Kunama kuti galimoto yafa. Koma Wezi akudalira ine, ndipo theka la Lundazi landiona ndikuitsuka.
- Kudwala. Ndayesa kutsokomola, sizikumveka zoona.
- Kuyendetsa pang'onopang'ono kwambiri, apongozi ali kutsogolo, n'kumapemphera. Ili ndaliganizira nthawi yaitali kuposa enawo, ndipo ndikuchita nalo manyazi. Munthuyo angakhale pampandopo akumwetulira, osadziwa kanthu, ine ndikudziwa.

"Nenani chabe zoona," akutero amake Taonga. Akhala akunena zimenezi kuyambira Lachiwiri, ine ndimangomva ngati mphepo.

Ndayeserera pagalasi. Chitumbuka changa ndi cha pamsika, chogulira nyemba. Mawu oti eyabagi mulibemo.

Mwina akwiya. Mwina tibwerera ku "Monire" ndi chigafa cha fodya kwa zaka zina zisanu ndi ziwiri. Koma akwiye ali ndi maso onse awiri.

Loweruka

Ndanyamuka m'mamawa, keke kutsogolo, lamba nditaimanga. Msewu wonse ndikuyankhula nayo kuti isagwe.

Ndalowa pabwalo mwakachetechete monga mwa chizolowezi cha galimotoyi. Nkhuku sizinasunthe n'komwe. Koma apongozi aima kale, jekete yatsopano, chipewa, nsapato zopolisha. Ndisanatsike bwino dzanja lawo lili pa chitseko cha kutsogolo.

Ndanjuta pansi, malaya oyera ndi fumbi lomwe. Ndawomba m'manja. Amayi ophika asiya mithiko, aliyense akuyang'ana.

Ndanena zonse. Chichewa, Chitumbuka cha nyemba, manja. Kuti m'katimo muli chinthu cholakwika kuchokera kofula galimoto. Kuti pa ngozi chingawavulaze kumaso. Kuti kampani ikonza koma sinakonze. Kuti sindingalole akhalepo.



Ayankha m'Chitumbuka chozama, koma lero ndikumva liwu lililonse.

"Mwana wanga wakhala akukhala apa?"

Inde.

"Ndi mdzukulu wanga?"

Inde. Sindinkadziwa.

"Mwadziwa liti?"

Lolemba.

Ayang'ana keke. Andiyang'ana ine. Ayang'ananso keke. Ndaona nkhope yawo ikuwerengera masiku, ndipo masamu awo ndi achangu kuposa anga.

"Ndiye sabata yonse mwanditumizira keke ndi nduna, mkweni? Mumandiyesa mwana?"

Mkweni ndiye mkamwini. Sanandiitanepo choncho mokweza, ndipo lero latuluka ngati mbama. Ndangoti ndinkaopa kuwanyoza. Akuti chonyoza ndi kundipusitsa, osati kundichenjeza. Akunena zoona.

Atsegula okha chitseko cha kumbuyo. Manja anga awiri aja sanagwire ntchito. Atsitsa galasi lakuda mpaka pansi, atulutsa mutu ndi phewa, ndipo ulendo wonse akukwezera chipewa a kwaya ya madoda, ana, apanjinga, mayi wina wosenza nkhuni. Aonekera kuposa mmene akanaonekera kutsogolo. Kwa ine sananene liwu limodzi.

Ukwati wayenda bwino. Wezi wakongola, walira, waseka. Keke yafika yonse, kungoti dzuwa la pagalasi la kutsogolo lasungunula mbali imodzi, tiziboliboli ta mkwati ndi mkwatibwi tapendekera kumanzere. Ojambula aitembenuzira kukhoma.

Pa madyerero apongozi athokoza abusa, ophika, a kwaya, ngakhale mwini jenereta. Dalaivala sanamutchule. Zandipweteka, ndisaname. Ndadya mpunga wanga kuseri kwa tenti.

Lamlungu

Galimoto sinakonzedwe. Chitsulo sichinafike. Pampando pali banga la shuga wa keke, nyerere zalipeza kale. Pa dongosolo la Lolemba ndinkanyadira nambala 3 yokha, nayonso fumbi la ku Mwase laifafaniza.

Tikutsazika titatuluka m'tchalitchi, apongozi andiitana. Ine ndekha, osadzera mwa mwana wawo. Ndapita mtima uli m'mwamba, ndanjuta patali.

Atuluka m'nyumba ndi thumba la nshawa, mtedza uja, lodzaza, losoka bwino. Akana kuti ndiwalandire. Alinyamula okha mpaka pagalimoto, aliika pampando wa kutsogolo, alimanga lamba.

"Ili lisachoke apa mpaka akonze. Wina akapempha kukwera, muziti malo ndi a ine."

Ndati yewo, zikomo.

Afunsa kuti kokonzako n'kuti. Ndati ku Lusaka, ulendo wa tsiku lathunthu, akandiimbira foni. Agwedeza mutu. Akuti anthu a m'tauni ukapita wekha amangopukuta pamwamba n'kukuuza kuti takonza, makamaka ukakhala munthu woopa kuyankhula ngati ine. Pafunika wamkulu woti akaime pomwepo, aone chakale chikutuluka, chatsopano chikulowa.

Ndiye apita nawo. Ine ndi apongozi, awiriwiri, tsiku lathunthu popita, tsiku lathunthu pobwera, kugona kwa mng'ono wanga wa chipinda chimodzi. Amake Taonga aluma nsalu kuti asaseke.

"Popita ndikhala kumbuyo," akutero apongozi. "Pobwera kutsogolo."

Ndawomba m'manja. Ndikanati chiyani?