Ndevu za a Lucius

A Lucius a ku Zakazaka ankagwira ntchito pokhapokha mvula ikugwa. Anthu tonse a mu Zomba muno tikaona mitambo ikutsika phiri tinkathamangira kukaanula zovala, koma iwo m'pamene ankadzambatuka, kuvala ovololo, kutenga tochi ndi choko, nkhope ili mwee. Ntchito yawo inali imodzi basi: kupeza pamene madzi akulowera m'galimoto. Za injini sankazidziwa, za mabuleki ayi. Ukawauza kuti galimoto ikukana kulira, ankangofunsa ngati m'kati muli mouma. Ukati eya, ankakufulatira.

Amakanika ena amatenga paipi n'kuthira madzi pagalimoto. A Lucius ankati zimenezo n'zachibwana. Akuti madzi a m'paipi ndi aulemu, amagwera pamene wawauza, pomwe mvula ya ku Zomba imabwera cham'mbali, nthawi zina ngati ikuchokera pansi. Ndiye ukawapititsira galimoto kunja kuli ngwee, ankasuzumira kuphiri n'kukuuza kuti liza, mvula tikaipeze komweko. Mumakwera msewu wokhotakhota uja mpaka m'mitengo ya paini, kusakasaka mtambo. Mukaupeza ankachotsa makapeti, kutseka magalasi onse, iwo n'kugona chagada pansi miyendo ili pampando, mwini galimotonso kugona mbali inayo, aliyense ndi tochi yake, kudikira dontho loyamba. Kulankhula kunali koletsedwa. Akuti madzi akamva anthu amabisala.

Dontho likaoneka, ankayamba alinyambita. Musandiyang'ane choncho, ndinaona ndi maso angawa. Akamva kutsekemera ankati awa ndi a injini, pitani kwa anzanga. Akamva dzimbiri ankati alowera kudenga. Akamva zowolawola ankadziwa kuti timipita ta pansi pa galasi lakutsogolo tatsekeka ndi maluwa a jakaranda. Akatero ankalondola njira ya madziwo ndi choko, pang'onopang'ono, chifukwa pamene madzi atulukira si pamene alowera.

Tsiku lina anakwera phiri ndi a Chiukepo, mphunzitsi wa ku yunivesite, munthu wovala tayi ngakhale Loweruka. Mvula inawapeza, magalasi anachita nkhungu. Alonda a nkhalango, amene anazolowera kuthamangitsa azibwenzi m'tchire limenelo, anafika monyang'ama n'kugogoda. Atatsegula chitseko anapeza azibambo awiri aakuluakulu, mitu pansi pa mipando, miyendo m'mwamba. Atafunsa kuti chikuchitika n'chiyani, a Lucius anangoika chala pakamwa. Mmene zinathera sindidziwa bwino, koma mlonda mmodzi anapezeka atatsekeredwa m'buti ndi tochi, akukuwa mosangalala kuti waona dontho pa nyali yakumbuyo.

Chifukwa cha kagwiridwe ka ntchito kameneka, akazi awo, a Magret, anaika malamulo. Kasitomala akakhala mayi, iwonso ankakwera nawo, kukhala kutsogolo ndi lichero la mtedza, kumasenda, diso limodzi lili pa kagalasi koonera kumbuyo. Ndipo kunyumba kwa mkazi wopanda mwamuna a Lucius samayenera kupondako, zivute zitani.

Apa m'pamene ndikulowera ine. Dzina langa ndine Dyna. Nthawi imeneyo ndinkatayipa makalata ku maofesi a boma, banja langa linali litatha, ndipo ndinkakhala ndekha ku Sadzi, kumtunda kwenikweni. Ndinadzimana, ndinagula kagalimoto kanga kogwiritsidwa kale ntchito, kobiriwira, kooneka bwino ndithu. Chilimwe chonse ndinkayenda monyada. Mvula itangoyamba, mpando wakumbuyo, mbali ya kumanzere, unayamba kunyowa. Kenako fungo. Kenako pa kapeti panamera tibowa. Tsiku lina ndinanyamula amayi opita ku chinkhoswe, mmodzi anatsika chitenje chake chatsopano chitanyowa kumbuyo konse, anthu n'kumayang'anana. Mayi ameneyo mpaka lero sitipatsana moni.

Ndinapita kwa a Lucius. Tinakwera phiri, ine, iwo, a Magret ndi mtedza wawo. Mvula inagwa yoti anyani omwe anathawira m'mapanga. M'galimoto munali gwaa, ngakhale dontho. Tinakweranso sabata inayo, chimodzimodzi. Koma ndikaiimika kwathu, mvula n'kugwa, mpando unkakhala chonyowa ngati wachapidwa.

A Lucius anakanda chibwano, nthawi imeneyo chinali chosalala, n'kunena kuti:

"Ndiyenera kukaona pamene galimotoyi imagona."

"Ku Sadzi simupondako," anatero a Magret osasiya kusenda.

"Ndiye tiyeni nonse, amayi," ndinatero ine.

"Kuti anthu anene kuti ndaperekeza ndekha mwamuna wanga kwa mkazi mnzanga? Ayi, zikomo."

Nkhani inathera pomwepo. Ndipo a Lucius sanali munthu wozemba. Akazi awo akati ayi, inali ayi, ngakhale mtima ukuwawa.

Koma Zomba ndi wamng'ono. Pasanathe masiku, pa bawo paja pafupi ndi msika wina anawaseka kuti katswiri wagonja ndi kagalimoto ka mzimayi. A Lucius anaimirira, ovololo ili yonyowa, nalumbira pamaso pa anthu onse kuti lezala silidzakhudzanso nkhope yawo mpaka atapeza pamene madzi akulowera m'galimoto ya Dyna. Anthu anaomba m'manja. Palibe anaganiza kuti zifika patali.

Abale inu, kagalimoto kanga kanaona zinthu. Anasintha maraba a zitseko zonse. Anachotsa galasi lakumbuyo n'kulimatanso. Anamasula nyali, anatokosa kabowo kalikonse ndi waya wa buleki ya njinga. Anandifunsa kuti pakhomo panga m'popendekeka bwanji, ine n'kuonetsa ndi dzanja, iwo n'kuunjika njerwa pansi pa matayala kuti apange Sadzi wawowawo ku Zakazaka. Tinaiimika pa chitunda chilichonse kuyambira ku Mulunguzi mpaka pamwamba pa phiri, mphuno kumwamba, mphuno pansi, koma ayi. Anandibwereka tochi kuti ndikagone ndekha m'galimoto kwathu mvula ikamagwa. Ndinayesa, koma ine ndikagona chagada mvula ikulira padenga tulo timangobwera, ndipo ndinadzuka msana wonse uli chonyowa, osadziwa kuti madzi adzera kuti.

Choipitsitsa chinali cha paudala. Anawaza paudala wa makanda m'galimoto monse kuti madzi akadutsa asiye mkwasa. Mkwasa sunaoneke, koma ine ndinayenda mwezi wathunthu ndikununkhira khanda. Ku ofesi anayamba kundifunsa kuti mwana ali bwanji. Nkhani itafika kwa a Magret inali itakula, mwanayo ali ndi dzina, akuti mphumi ngati ya a Lucius.

Tinakumana pamsika, pa mabenchi a tomato. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinawauza pamaso pa anthu kuti chimene ndikufuna ine ndi mpando wouma, osati mwamuna wa munthu, ndipo ndevu zimenezo ndikadazitenga ndikadasesera nazo pabwalo. Iwo anayankha kuti ndigulitse kagalimotoko ndigule ambulera. Ogulitsa tomato anasiya malonda. Kuyambira tsiku limenelo, tikamakwera phiri a Magret ankasendera makoko a mtedza pa kapeti yanga mwadala.

Ndevu nazo sizinadikire. Dzinja loyamba zinaphimba chibwano. Lachiwiri zinafika pa batani la ovololo. Lachitatu ankazilowetsa m'malaya akamagona pansi pa mipando, kuopa kuti zingakodwe m'tinjanji ta mipandoyo. A Magret anasiya kukhala nawo pafupi pa maukwati. A Luciuswo alendo ankawayesa mneneri. Mayi wina wochokera ku Jali anawapititsira mwana kuti amupempherere, iwo anamuunika ndi tochi n'kunena kuti akudontha mphuno yokha, kwinaku ali bwinobwino. Anthu ankati akafuna kudziwa ngati galimoto ya Dyna yapola, sankafunsa ine, ankangoyang'ana nkhope ya a Lucius.

Ine ndinafika potopa, ndinayala pepala la pulasitiki pampando n'kuwauza kuti basi, ndawakhululukira, akamete. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Akuti sanalumbire kwa ine, analumbira kwa madziwo.

Kenako chifuwa chinawagwira. Zaka zonse zija zogona m'magalimoto onyowa, m'nkhungu ya kuphiri, zinabwera kudzawafunsa. Anayamba kutsokomola, anaonda, ovololo inayamba kuwalendewera. Mvula ikabwera ankangokhala pakhonde atafunda bulangete, kumayang'ana phiri. Ndevu zokha ndi zimene zinkanenepabe. Ndinkamva chisoni, koma kupita kukawaona ndinkaopa pakamwa pa a Magret.

Tsiku lina masana, Loweruka, kumwamba kutada bii, ndinamva odi pageti. Kutsegula, ndi a Magret, ambulera m'dzanja, chikwama paphewa. Kumbuyo kwawo a Lucius ali pa kabaza, atakulungidwa m'bulangete, wakabazayo thukuta lili kamukamu ndi chitunda cha kwathu. Aneba anali atatuluka kale m'makonde.

"Ndawabweretsa," anatero a Magret osandiyang'ana m'maso. "Sakudya, sakugona, angonena za galimoto yanuyi. Anthu anene zimene anene. Ine nkhope ya mwamuna wanga ndaiiwala."

Ndinatsegula geti lonse. A Lucius anatsika, tinawagwira uku ndi uku, anazungulira galimoto pang'onopang'ono. Anaona tayala lakumbuyo lakumanzere lili m'kadzenje kamene ndinkaligwetseramo dala tsiku lililonse kuopa kuti galimoto ingatsetsereke. Anakweza maso n'kuona pothera malata a nyumba yanga, pamene madzi onse a denga amasonkhana, pali ndendende pamwamba pa ngodya ya galimotoyo. Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa.

Mvula itayamba tinalowa tonse atatu. A Lucius tinawagoneka pampando, mutu pamiyendo ya akazi awo. A Magret anagwira tochi. Magalasi anachita nkhungu, aneba kunja akusuzumira m'maambulera. Madzi a pamalata anayamba kukhuthukira pangodya paja ngati pampopi. Tinadikira. Kenako pamwamba, kuseri kwa nsalu ya kudenga, panatuluka kadontho, kanatsetsereka m'mbali mwa galasi, n'kukalowa kuseri kwa mpando.

A Lucius anatambasula chala, anakalandira, anakanyambita.

"Ndakupeza, mbava iwe," anatero motsitsa mawu.

Mvula itakata anatiuza kuti tikanganule kalamba kakuda kamene kamayenda m'mbali mwa denga. Pansi pake panali kamng'alu kochepa ngati tsitsi. Zaka zonsezo, njerwa zonse zija, paudala yense uja! Tinapukuta, tinaumitsa ndi nsanza. A Lucius analibe mphamvu zomata okha, ndiye anafinyira silikoni, phala lomatira lija, pa chala cha a Magret n'kumawauza kuti apa, pang'ono, bwererani, basi. Mvula itabweranso chakumadzulo tinalowanso kukadikira. M'kati munali gwaa.

A Magret anatsegula chikwama chawo chija. Munali sizasi, lezala, sopo ndi kathawulo. Anandipempha madzi ofunda ndi mpando. Anawameta pakhonde panga pomwepo, aneba onse akuonerera, ndevu zikugwera m'beseni langa lochapira. Atamaliza anabwerera m'mbuyo. Nkhope imene inatuluka inali yaing'ono, masaya atalowa, khungu lotuwa. A Magret anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Bwanji, ndikadali mnyamata?" anafunsa a Lucius.

"Mwakalamba osandiuza," anayankha a Magret, n'kuwapukuta sopo kukhutu.

Anamwalira mvula ya chaka chimenecho isanathe. Ku maliro kunabwera magalimoto ambiri kuposa a pa ukwati wa munthu wolemera, ndipo a Chiukepo analira mpaka kumasula tayi.

Masiku ano mukayenda mu Zomba nthawi ya dzinja muona magalimoto atafunditsidwa mapepala akuda, njerwa pamwamba. M'maminibasi ena kondakitala amakupatsa katoni kuti ukhalire. Anyamata a m'magalaja amathira paipi mphindi ziwiri, kupaka silikoni paliponse ngati akumata nyumba, mawa lake madzi ali pomwepo. Kuphiri kuja ukaona galimoto ya magalasi a nkhungu, ndi azibwenzi basi. Ine zimandiwawa, ndipo ndimawasowa bambo aja.

Kagalimoto kanga kakadalipo, kakutha, koma sikadontha. Lamulungu ndimadzera ku Zakazaka kukatenga a Magret popita ku tchalitchi. Kutsogolo amakana, amakhala kumbuyo, kumanzere. Tsiku lina mvula ikugwa ndinawaona pa kagalasi akusisita mpandowo ndi chikhato. Ndinawafunsa ngati wanyowa.

"Ayi, ndi wouma," anatero. "Ndikungoganiza. Ndikadawalola kupita ku Sadzi tsiku loyamba lija, bwenzi nkhope yawo nditaiona zaka zonse zija."